Ndere Zosaombera Mfumu M'manja

Mu ufumu wa Yerakunja munali malamulo ambirimbiri, ena oiwalika ngakhale ndi amene anawalemba, koma limodzi ili aliyense ankalidziwa asanamere mano: paliponse pamene pali Mfumu, chosayenda chipakidwe laimu, choyenda chiombe m'manja. Linakhazikitsidwa ndi Mfumu Ndionereni Wachiwiri tsiku lomwe inakhala pampando, ndipo inkalinyadira kwambiri poti, mwa kuona kwake, pansi pano panalibe chinthu chachitatu.

Choncho Mfumu ikati iyende, dziko lonse linkayera mbee. Miyala ya m'mbali mwa msewu, zitsa, mitengo kulekeza m'chiuno, mijigo yakufa, zipatala zopanda mankhwala, zonse zinkapakidwa. Mbuzi zinasautsa nduna kwa kanthawi, chifukwa zimayenda koma manja zilibe, mpaka panagamulidwa kuti kukupiza makutu n'kuomba m'manja komwe, ndipo panalembedwa ntchito anthu oziwaza madzi kumutu Mfumu ikayandikira. Kamba wina wa kudambo anapakidwa katatu chaka chimodzi chifukwa chochedwa kuonetsa mbali imene ali.

Lamuloli linabala maunduna awiri. Unduna wa Zopakapaka ankauyang'anira a Chiphimba, ndipo wa Zoombaomba unali m'manja mwa a Kavomera. Akuluakulu awiriwa ankapatsana moni mokweza ndi kumwetulira kwambiri, monga amachitira anthu odana.

Pansi pa a Chiphimba panali bambo wina wofatsa, dzina lake Lifeyo Kamtedza, mkulu wa opaka onse. Anagwira burashi zaka makumi awiri ndi ziwiri mpaka zikhatho zake zinang'ambika ngati dambo la mu Okutobala, koma sanafunsepo chifukwa chopakira mwala. Iye ankangodziwa kasakanizidwe kake: laimu, madzi, ndi mchere pang'ono kuti zigwire. Lifeyo anali mkamwini m'mudzi wa Kuseri, kwa mkazi wake Nachisale, woumba mbiya. Mudziwo unali kumbuyo kwa phiri, kumene dzuwa limafika mochedwa ndi kuchoka msanga. Msewu kunalibe, choncho Mfumu inali isanapondeko, ndipo anthu akumeneko ndi okhawo m'dziko lonse amene ankadziwa mtundu weniweni wa mwala.

Itakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu pampando, Mfumu inalamula kuti mudzi uliwonse umange chipilala chosonyeza mphamvu imene yagwiriziza dziko. Midzi yochenjera inamva msanga. Wina unaumba mkango wa nkhope ya Mfumu, wina njovu yovala chipewa cha Mfumu. Mudzi wina unangomanga chala chachikulu chakuphazi kwa Mfumu, poti simenti inathera pomwepo, ndipo unayamikiridwa chifukwa cha kudzichepetsa.

Ku Kuseri simenti sinafike n'komwe. Kalata yokha ndiyo inafika, ndipo inawerengedwa pakasupe, pamene Nachisale ndi anzake ankaponda dongo.

"Ine Mfumuyo sindinaionepo," anatero Nachisale. "Nkhope yake ndiiumba bwanji? Ndikaipatsa mphuno ya mwini wake, mlandu."

"Umbani mjigo anatilonjeza uja," anayankha bambo wina atatsamira khasu.

"Nawonso tinauona liti?"

Anthu anaseka. Kenaka Nachisale analoza miyala ya pakasupe, imene inali itakutidwa ndi ndere, zina zobiriwira zofewa ngati bulangete, zina zotuwa zotambalala ngati timakutu ta mbewa.

"Chatigwiriziza ife ndi izi," anatero. "Palibe anazibzala, palibe amazipalira, palibe anazifunsapo kuti mwadzuka bwanji. Zimadya mwala koma zili moyo. Chilimwe madzi akathawa, timakumba pomwe zili, ndipo sizinatinamizepo."

"Ndiye mukuti tiumbe abale athu," anatero bambo wa khasu uja. Nkhani inathera pomwepo.

Anagwira ntchitoyo mudzi wonse. Amuna anagubuduza miyala kuchokera kuphiri, amayi anaponda dongo la pachulu, nkhalamba zinatola mapale a mbiya zakalekale n'kuwasanja m'mphepete kuti akhale ngati mikwinya ya ndere. Anamanga makutu awiri aakulu, otalika kuposa denga la nkhokwe, opendekerana, pansi pake pokwana anthu asanu kukhala, pamwamba pake patatsala kampata kokwana chikhatho. Atatha, Nachisale anawapaka matsukwa a mphale osakaniza ndi ndowe, ndipo banja lililonse linabwera ndi kachigamba ka ndere kuchokera kuseri kwa nyumba yake, kutsinde la mtsuko, kumanda a makolo, n'kukamata pamenepo. Anasinthana kuthirira. Mvula itagwa, chipilala chonse chinabiriwira, nkhono zinasamukirapo, ndipo amayi ochokera kumunda anayamba kutulirapo mitolo yawo poti panali pozizira. Lifeyo anaikapo nayenso kachigamba kake, ndipo mumtima anakondwa kuona chinthu chimene sichinadutse m'manja mwake ndi burashi.

Chisangalalo cha mmphawi sichichedwa kumveka kulikulu. Panalengezedwa kuti Mfumu iyendera zipilala zonse, ndipo msewu umene anthu a ku Kuseri anaupempha zaka makumi awiri unalambulidwa masiku asanu ndi limodzi. Woyamba kudzerapo anali a Chiphimba. Atatsika galimoto n'kuona chipilala, anagwira pamtima.

"Kamtedza! Chobiriwirachi n'chiyani?"

"Ndi ndere, bwana."

"Zili ndi chilolezo?"

"Zinangomera, bwana."

"M'dziko muno mulibe chongomera! Loweruka Mwini Dzuwa, Mfumu yathu, afika pano. Akadzaona kadontho kobiriwira ngakhale kamodzi, iwe ukagwira msewu wa ku Sabwera."

Ku Sabwera ndi kuchipululu kumene ankatayako anthu olakwira Mfumu, ndipo dzina lake silinkanama. Lifeyo anapita kunyumba. Anapeza Nachisale akusalaza mbiya pakhonde, nkhani itamufika kale.

"Bambo a Esinati," anatero osadzutsa mutu, "ine sindilimbana ndi boma. Koma burashi yanuyo ikangokhudza chipilala chija, mudzapeza mphasa yanu ndi khasu lanu panja. Pali ndere za pamanda a amayi anga pamene paja."

"Mayi a Esinati, akanditaya ku Sabwera."

"Ndiye musankhe kokagona. Ine ndanena."

Kuyambira tsiku limenelo Nachisale sanamuyankhulenso. Lifeyo anagwira njakata. Mkamwini alibe khomo: nyumba anamanga yekha, koma dothi linali la eni ake. Kwawo anachokako ali mnyamata, makolo anatha, ndipo adzukulu ake kumeneko sankamudziwa ngakhale nkhope. Akapaka, ataya nyumba. Akapanda kupaka, ataya nyumba yomweyo. Ndipo kunena zoona, chimene chinkamuwawa kwambiri si nyumbayo ayi, koma mayi wouma mutu amene ankakhalamoyo, poti ankamukonda.

Lachiwiri anapita kukatenga mchere ku msika wa Tapindulanji, ndipo anapeza nkhani yake ikugulitsidwa limodzi ndi tomato.

"Afika a chipaka!" anakuwa mayi wa tomato. "Tamva kuti akutumani mukapake ukwati wanu."

"Musawaseke," anatero wokonza njinga, amene ankamata chubu pafupi. "Ine chaka chatha anandipaka mwendo. Ndinangoti ndiime ndiganize pang'ono."

"Nanga inu kuganiza pamaso pa Mfumu, mumati mutani?"

Lifeyo anakhala pa benchi n'kufotokoza vuto lake, nkhope ili khuma. Wokonza njinga anamvetsera, chubu chili m'madzi.

"Koma achimwene, ndani anati ndere siziyenda? Kwanga zinayambira pansi pa khoma chaka chimene ndinakwatira. Lero zili pawindo. Mukuti anazinyamula ndani?"

"Zimayenda pang'onopang'ono ngati mlandu wa munthu wosauka," anawonjezera mayi wa tomato, "koma zimayenda."

Lifeyo anaimirira n'kuiwala mchere. Ngati ndere zimayenda, si za unduna wake.

Lachitatu m'mawa anagwada m'bwalo la nyumba ya Mfumu, pamaso pa nduna zonse, n'kupereka mfundo yakeyo. A Chiphimba, ataona mpata wotula mtolo pamutu pa mnzawo, anadumpha.

"Mwini Dzuwa, ndakhala ndikunena zimenezi kuyambira kale! Ndere ndi choyenda. Ziombe m'manja. A Kavomera akudziwa kaphunzitsidwe kake."

A Kavomera anatuluka thukuta la m'mphuno. "Mwini Dzuwa, unduna wanga unaombetsa mbuzi, unaombetsa abakha, unaombetsa odwala ali pa machira. Koma chomera pamwala ndi mwala. Chipakidwe!"

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Nduna ina inati ndere zimangidwe kaye zikafunsidwe kupolisi. Ina inati mtundu wobiriwira uthetsedwe m'dziko lonse, koma inakumbutsidwa za chimanga, ndipo inati chimanga chikhoza kupempha chilolezo chapadera. Potsiriza anatuma komiti ya akuluakulu asanu ndi awiri kuti ikaone ngati ndere zimayenda. Komitiyo inakhala pansi pa chipilala Lachinayi lonse, inadya mbuzi ziwiri za mudzi, ndipo inabwera ndi lipoti lakuti ndere zinaoneka ngati zikufuna kuyenda koma zinachita manyazi ndi ulemu wa komiti.

Mfumu inagamula mwanzeru, monga mwa masiku onse. "Loweruka ndikafika, ziombe. Zikapanda kuomba, zipakidwe pomwepo ine ndikuona. Wopakayo akaime pambali ndi ndowa yake."

Choncho Lifeyo anabwerera kwawo ndi vuto lomwe lija, litangovala jekete.

Loweruka linafika. Njira yonse inayera mbee, ndipo laimu wa unduna anathera m'miyala ya msewu watsopano, kupatula ndowa imodzi imene Lifeyo anaima nayo pambali pa chipilala. Nachisale anaima kutsogolo kwa amayi anzake, maso ali pa ndowayo. Mfumu inatsika, anthu anaomba m'manja, mbuzi zinawazidwa madzi. Mpando waufumu unaikidwa moyang'anana ndi chipilala. Kenaka Mfumu inakweza chala, anthu anachepetsa kuomba, ndipo onse anatchera khutu.

Kunangomveka chule mmodzi.

"Sizikuomba," inatero Mfumu.

A Kavomera anakankhira Lifeyo kutsogolo. Iye anagwada, ndowa ili pambali. Poti ayang'ane kumwamba kupempha Mulungu, maso ake anagwera pa kampata kaja pakati pa makutu awiri, pamene ndere za mbali iyi ndi za mbali inayo zinali zitatulukira m'mphepete.

"Zikuomba, Mwini Dzuwa," anatero. "Onani pamwambapo. Dzanja ili ndi ilo. Pamene tinkamanga, mpatawo unkakwana chikhatho changa chonse. Lero wachepa ndi chala chimodzi. Zinayamba kukuomberani chaka chatha, kungoti manja sanakumane."

"Akumana liti?"

"Mwina zaka zinayi, Mwini Dzuwa. Mwina zisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhope ya Mfumu inayamba kuwala pang'onopang'ono.

"Kuomba kumodzi kwa zaka zisanu! Bambo anga, ndi ukulu wawo wonse uja, sanaomberedwepo kupitirira theka la ola. Alembi, lembani. Ndipo ine sindinachokepo pamalo anthu asanamalize kundiombera. Ndidikira."

Inakhazikika pampando, maso pakampata, ndipo sinasunthenso kuopa kuphonya. Chakudya ankachita kuidyetsa. Za dziko zinaima, ngakhale kuti palibe anazindikira kusiyana kwake. Amene anaona zakuda ndi anthu a ku Kuseri, chifukwa pamene pali Mfumu choyenda chiyenera kuomba m'manja. Anaomba Loweruka, anaomba Lamulungu, anaomba Lolemba. Anagawana magulu, ena kuomba ena kukalima, ndipo amayi anaphunzira kusenza mtsuko pamutu manja akugwira ntchito ya boma. Zikhatho zinatupa. Mbuzi zinadwala chimfine.

Lachiwiri masana Mfumu inatopa. Ulemu wochedwa umafanana kwambiri ndi mwano, ndipo a Kavomera, amene manja awo anali atasanduka zitumbuwa, anainong'oneza zomwezo.

"Mpata uja uli chimodzimodzi," inatero Mfumu, khosi lili chiumire. "Zikundinyoza. Iwe wa ndowa, paka!"

Lifeyo ananyamula ndowa. Anayang'ana mkazi wake, ndipo Nachisale anamuyang'ananso osaphethira, manja akuomba pang'onopang'ono. Anayenda masitepe atatu kulowera kuchipilala, n'kuima. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anapaka chilichonse chimene anamulozera, ndipo lero, kwa nthawi yoyamba, mantha ake anatopa asanatope iye. Anatembenuka, nakatula ndowa pamapazi a Mfumu, n'kugwada.

"Mwini Dzuwa, ine ndine munthu wa lamulo, ndipo lamulo ndi lanu. Pa ntchito yathu timayamba ndi chachikulu. Nderezi, ngakhale ndi zaulesi, zimasuntha chala chimodzi pa chaka. Koma pano pali china chimene chakhala masiku anayi osasuntha ngakhale kamodzi, ndipo sichinapakidwe. Ndikachisiya, a Chiphimba anditaya ku Sabwera."

Kuomba konse kunalekeka. A Chiphimba anayang'ana kumwamba ngati amva ndege.

"Iwe," inatero Mfumu, "ukundiyesa chosayenda ine?"

"Ayi, Mwini Dzuwa, mwina ndalakwa. Ngati muli choyenda, ndiye ndichotse ndowayi. Kungoti choyenda chimaomba m'manja."

Mfumu inayang'ana nduna zake kuti zipeze chinthu chachitatu, koma inali itazilumbiritsa zaka makumi awiri ndi zisanu kuti kulibe. Kunena kuti lamulo silikhudza mwini wake kukanakhala kuvomera kuti lili ndi mpata, ndipo Mfumu Ndionereni inali isanalakwepo chibadwire. Inayang'ana manja ake, ofewa, a mphete zisanu ndi imodzi, amene anali asanagundanepo chifukwa cha munthu wina aliyense. Kenaka inayang'ana kutsogolo kuti ione chimene ikanaombera. Kunalibe china koma makutu awiri a dongo ndi miyala, obiriwira, ndi pansi pake anthu a zikhatho zotupa amene anawamanga opanda simenti.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Aliyense anaona kuti pangofunika kamodzi kokha, phwa, basi, Mfumu n'kukwera galimoto yake kubwerera kulikulu. Mayi wina wachifundo anafika poionetsa kachitidwe kake. Manja a Mfumu anadzuka pang'ono kuchoka pamaondo, naima m'malere. Kenaka anabwerera pomwe anali.

Mfumu inatambasula mwendo.

"Yambira kumapazi," inatero. "Ndipo upake bwino."

Lifeyo anaviika burashi. Anapaka nsapato, anapaka miyendo, anakwera ndi mkanjo waufumu mpaka pachifuwa, mosamala, monga munthu wodziwa ntchito yake. A Kavomera anayambitsa kuomba m'manja, a Chiphimba analengeza kuti m'mbiri yonse ya dziko sipanakhalepo Mfumu yoyera chotere, ndipo alembi analemba. Laimu ankatsika m'ndowa, ndipo aliyense wa ku Kuseri ankaona ndi maso ake kuti sakwana zinthu ziwiri.

Atafika m'mapewa, Lifeyo anavutika, poti dzanja limodzi linali ndi burashi ndipo ndowa inali pansi. Akuti awerame, anaona ndowayo ikukwera yokha kufika pachigongono chake. Anali Nachisale, ataigwira ndi manja awiri, nkhope ili ngati palibe chachitika.

"Mwasiya pakhosipo, bambo a Esinati," anatero. "Muthire wambiri, asatsale. Mukamaliza mubwere kunyumba, madzi osamba ndateleka kale."